Momwe mungamulanditsire Wyll m'manja mwa Mizora mu Baldur's Gate 3

Amene mwangoyamba kumene Baldur's Gate 3 ndipo simufuna kumva za kutsogolo lekezani pompano, chifukwa ndiulula nkhani yonse ya Wyll, mmodzi mwa anzanu oyenda nawo mu gemuyi, kuyambira Act 1 mpaka Act 3. Amene munakumana naye kale Mizora nde mukudziwa chimene chandikhazika pansi kulemba izi, mzimayi wa khungu la buluu uja, wa nyanga ndi mapiko, amene amangotulukira pa kampu usiku anthu atatopa akufuna kugona, n'kuyamba kumulankhula Wyll ngati kagalu kake pamaso pa anzake onse.

Gemuyi anapanga ndi a Larian Studios a ku Belgium, inatuluka pa kompyuta pa 3 Ogasiti 2023, ndipo adani alimo ambiri, Ketheric Thorm, Orin, Gortash, Raphael, onse oipa mitima. Koma Orin ukangomuona umadziwiratu kuti uyu mutu sukuyenda bwino, mpeni uli m'manja, nawe umasolola wako basi nkhani yatha. Mizora sagwira mpeni. Amabwera ndi pepala, ndipo pepalalo munthu wako anasaina yekha ndi dzanja lake. Ine chimene chimandiwawa ndi chimenecho, ndipo mukachimvetsa simupusitsidwanso naye mu gemu yonse.

Yambani ndi kudziwa kuti iye ndi chiyani. Ife pa Chichewa timangoti chiwanda zonse, koma m'dziko la Dungeons & Dragons momwe gemuyi inachokera muli mitundu iwiri yodana kwambiri. Ma demon a ku Abyss ndi aja ongophwanya ndi kuotcha chilichonse opanda dongosolo. Ma devil a ku Nine Hells amayendera malamulo, kontrakiti, siginecha, mboni, ndipo saswa pangano, amangolilemba mwanjira yoti iweyo ndi amene ulire. Mizora ndi cambion, theka devil theka munthu, ndipo bwana wake ndi Zariel amene amalamulira Avernus, gawo loyamba la Hells. Nde akamalankhula musamatengeke ndi mawu okoma aja (Tamaryn Payne amene analankhula mawu ake anaigwira ntchito, mpaka umamva kuyabwa m'khutu), muzimvetsera chimene sananene. Akakupatsani njira ziwiri, funsani mumtima kuti yachitatu waibisa pati.

Ndipo taonani momwe anamugwirira Wyll. Mnyamatayu anali ndi zaka 17, bambo ake Duke Ulder Ravengard atachokapo, gulu lopembedza Tiamat, mulungu wa zinjoka zoipa, litatsala pang'ono kugwetsera tsoka mzinda wa Baldur's Gate, palibe wina woti athandize. Apo nde pamene Mizora anafika ndi mphamvu m'manja kuti tenga upulumutse anthu ako. Anasaina, mzinda unapulumuka, diso limodzi linapita, koma mu kontrakitimo munali mfundo yoti asauze munthu chimene chinachitika, nde bambo ake pobwera anangopeza mwana wawo akuyenda ndi chiwanda, osatha kufotokoza, n'kumuthamangitsa mumzinda. Diso lamwala limene ali nalo lija ndi limene Mizora amamulankhulira. Aliyense amene anaonapo m'bale wake atalowa kwa akatapila akuidziwa nkhope imeneyi. Sabwera tsiku limene uli ndi ndalama ayi, amabwera tsiku limene mwana ali m'chipatala, akumwetulira, n'kutenga khadi la ku banki ngati chikole, ndipo pakutha pa mwezi akuti koma munavomera nokha achimwene. Ine ndinaziona pa munthu wa kwathu, mphunzitsi wabwinobwino, akupita kukapempha malipiro ake omwe kwa munthu wina. Ndikamuona Wyll ataweramitsa mutu pa kampu ndimakumbuka zimenezo.

Tsopano Act 1. Wyll mumupeza ku Emerald Grove akuphunzitsa ana a ma tiefling (mtundu wa anthu a nyanga ndi mchira) kugwira lupanga, mutengeni. Akuuzani kuti akusaka devil woopsa dzina lake Karlach. Mukatsikira ku mtsinje cha ku Risen Road mumupeza Karlach ali yekha, magazi okhaokha, thupi likuyaka moto. Apa musafulumire. Lolani tizilombo timene nonse anakuikani m'mutu koyambirira kwa gemu tilumikizane muone zimene waona, ndipo muona nokha kuti si devil, ndi tiefling amene Gortash anamugulitsa kwa Zariel, anamuchotsa mtima n'kumuika injini ya moto m'chifuwa, wakhala zaka 10 akumenya nkhondo ya eni ake ku Avernus mpaka wathawa. Muuzeni Wyll abweze lupanga m'chimake. Mukamupha Karlach, Mizora akupatsani mkanjo wotchedwa Infernal Robe, koma abale, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, mwataya munthu wosangalatsa kwambiri mu timu yonse komanso womenya mwamphamvu chifukwa cha chovala chimodzi.

Mukamusiya wamoyo konzekani, chifukwa usiku wina mukapita kokagona Mizora abwera. Wyll amati koma pangano lathu linali loti ndizipha ziwanda zokha, iye n'kutulutsa pepala lija n'kuwerenga mfundo yoti opanda mtima nawonso ali pa mndandanda, ndipo Karlach alibedi mtima, ali ndi injini. Mwaona? Mawu amodzi okha. Kenako amamulanga pompo, pansi pamatseguka, Wyll amakuwa, ndipo akadzuka ali ndi nyanga ziwiri pamutu, khungu lasintha, diso labwino lija lafiira. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuteteza anthu ku ziwanda wapatsidwa nkhope ya chiwanda chifukwa chokana kupha wosalakwa. Nyangazo n'zovuta kuzizembera ngati mukufuna onse awiri amoyo, nde musavutike n'kubwerera ku sevu yakale. Chimene mungachite ndi kupita kukacheza naye usiku womwewo, mumuuze kuti anachita bwino, chifukwa iye amakhala akudzibisa kuopa kuopseza anthu.

Ku Act 2 nde kumene ambiri amalakwitsa chifukwa cha mkwiyo. Mizora amabwera n'kunena kuti pali chinthu cha mtengo wapatali cha Zariel chimene chagwidwa ku Moonrise Towers, kachipulumutseni. Apa yesani kumukakamiza kuti malipiro ake akhale kumasula Wyll, dayisi ikakuvomerani zili bwino. Mukamenya Ketheric padenga n'kutsikira kunsi kuja m'chisa cha ma mind flayer, eni ake a tizilombo ta m'mutu tija, komata ngati m'kati mwa nyama kuja, mulowe chipinda cha makapsolo momwe amasungira anthu ogwidwa, ndipo mupeza kuti chinthu cha mtengo wapatali chija ndi Mizora yemweyo, watsekeredwa, ndipo ngakhale ali m'menemo akulamulabe ngati ndinu antchito a pakhomo pake. Pambali pake pali makina, mbali ina yomutsegulira, mbali ina yomuphera. Ndikudziwa chala chimayabwa. Musadine. Mizora akafa moyo wa Wyll umapita naye ku Hells, amasanduka lemure, kachinthu kosungunuka kopanda nkhope kaja, ndipo simumuonanso. Mukangomudutsa osamutulutsa n'kupita kukamaliza Ketheric, Wyll mwamutayanso. Dinani F5 kaye kuti museve musanakhudze kalikonse, makamaka ife amene magetsi amatithimira pakati pa nkhondo, werengani bwinobwino zimene makinawo akunena, kapena mungophwanya chitseko ndi munthu wamphamvu ngati Karlach.

Ndipo Wyll akhale m'timu nthawi imeneyo, musamusiye pa kampu. Mizora akatuluka mufunseni mphoto, Persuasion ikadutsa amapereka Infernal Rapier, lupanga limene limayendera mphamvu za matsenga za mwini wake, kwa Wyll ndi Charisma, komanso limaitana cambion wina woti akumenyereni nkhondo kamodzi mukapuma usiku. Za ufulu zija? Amati inde ndimumasula, koma pakapita miyezi 6, mfundo yake nayi. Mwamutulutsa m'kamwa mwa imfa ndipo zikomo wake ndi ameneyo.

Chimene ndimadana nacho kwambiri chili ku Act 3, ndipo apa tsatirani ndondomeko chifukwa mukasokoneza mudzapeza bambo ake a Wyll atafa kale. Kayambeni mwapita ku Wyrm's Rock kukaonerera Gortash akuvekedwa ufumu, muona Duke Ravengard ali pomwepo ngati chidole chifukwa naye anamuika kachilombo m'mutu. Potuluka mulankhule ndi Mizora, kenako mupite kokagona. Usiku umenewo amabwera ndi mboni zake, moto kuzungulira, n'kumuikira Wyll njira ziwiri. Yoyamba, asainenso, ulendo uno mpaka muyaya, iye anene kumene bambo ake atsekeredwa. Yachiwiri, kontrakiti ing'ambidwe Wyll akhale mfulu, koma bambo ake afe. Tangoganizani kumuuza mwana kuti sankha pakati pa moyo wako ndi bambo ako, bambo amene anakuthamangitsa chifukwa cha ine ndemwe, amene wakhala zaka 7 ukulakalaka kuti akuyang'ane n'kunena kuti mwana wanga. Amadziwa bwino lomwe kuti Wyll ndi munthu wodzipereka, nde akugwiritsa ntchito ubwino wake womwewo ngati chingwe chomumangira. Mdani wina amafuna kufooka kwako, uyu amafuna pamene uli wabwino.

Ng'ambani kontrakiti. Ndikubwereza, ing'ambeni, ngakhale Wyll aoneke wosweka mtima kwa masiku angapo, chifukwa njira yachitatu ilipo ndipo Mizora sanaitchule dala. Mphamvu zake za warlock, matsenga aja anapatsidwa ndi Mizora, zikhalabe mpaka gemu ithe, musaope kuti timu ifooka.

Duke ali ku Iron Throne, ndende ya pansi pa nyanja. Pitani ku Lower City cha ku doko, nyumba yotchedwa Flymm Cargo, mutsikire kunsi mupeza sitima yoyenda pansi pa madzi ndi woiyendetsa Redhammer. Chitani izi musanakamenyane ndi Gortash, ndipo dziwani kuti ngati munapangana naye za mtendere ulendo umenewu ukuthetsa panganolo. Mukangofika Gortash amaphulitsa malowo, madzi amayamba kulowa, ndipo ngati mukusewera pa mlingo wa Balanced muli ndi ma turn 6 okha. Nde musanakwere sitima konzekani ngati mukupita ku mpikisano wothamanga osati ku nkhondo. Spell yowonjezera mtunda woyenda ya Longstrider kwa aliyense, ma Potion of Speed m'thumba, Misty Step (spell yosowa apa n'kutulukira apo) kwa amene ali nayo, ndipo koposa zonse Dimension Door, ya spell kaya ya scroll, chifukwa imanyamula anthu awiri. Gawanani njira, aliyense khonde lake, musamataye turn n'kumenyana ndi ma sahuagin, zilombo za m'nyanja zija, pokhapokha atatseka njira, dinani Dash, kokani ma lever a zitseko akaidi athamange okha kupita ku makwerero. Omeluum, mind flayer wabwino uja, alinso momwemo, ngati mwatsala ndi mpata mutengeni.

Wothamanga kwambiri apite kwa Duke pamodzi ndi Wyll. Mkuluyu mumupeza ali wofooka, nde chinthu choyamba mukatsegula muponyereni mankhwala kapena mumuchize magazi akwere. Chifukwa akangotuluka, Mizora uja amatulukiranso pomwepo, amamugwaditsa pansi osatha kusuntha, n'kusiya akangaude ophulika atamuzungulira, kuti mawu ake aja oti bambo afe akwaniritsidwe basi. Ulendo wanga woyamba ndinamutaya pamenepo, ndinali nditawononga Dimension Door kumayambiriro pofuna kufika msanga, ndinangoona mkulu ali chogwada akangaude akuyandikira, Wyll ali patali mapazi ochepa chabe, ndinakhala chete kwa kanthawi manja ali pa kiyibodi. Sungani spell imeneyo mpaka nthawi imeneyi. Akangaudewo apheni akadali patali naye kapena akankhireni kutali, kenako mugwireni Duke ndi Dimension Door mulunjike ku makwerero a sitima. Amene sali m'sitima nambala ikafika 0 watsala.

Mukabwerera ku kampu bambo ndi mwana amalankhulana, ndipo Duke amamva zoona za usiku uja wa zaka 7 zapitazo. Musadumphe zokambirana zimenezi. Koma mukatembenuka mumupeza Mizora wayima pakona pa kampu yanu yomweyo ngati kwawo, tsitsi lili bwinobwino, akuyankhira pa chilichonse chimene mwachita, ndipo gemu sikupatsani batani lomuthamangitsira. Tsiku lina adzakukopani kuti mugone naye usiku umodzi. Kanani. M'mawa mwake kampu yonse imadziwa, wokondedwa wanu amamva, Wyll ndi Karlach amakuyang'anani ngati mwawagulitsa, ndipo iye chimene amafuna n'chimenecho, kuti anthu amene anamukanika aja ayambe kukayikirana okhaokha.

Duke adzakuuzani za chinjoka Ansur chimene chili pansi pa Wyrm's Rock, mutengeni Wyll mukamalize zimenezo, ndipo pambuyo pake adzafuna kusankha pakati pa kukhala Grand Duke wa mzinda ndi kukhala Blade of Avernus, wosaka ziwanda ku Hells. Ine ndimamulimbikitsa yachiwiriyo, chifukwa kumapeto kwenikweni pa doko paja injini ya Karlach ikayamba kumuotcha, Wyll amadzipereka kuti apite naye limodzi ku Avernus asakafe, mkazi yemwe uja anatumidwa kukamudula mutu pa mtsinje. Muuzeni Karlach avomere.