Mmene Mungayendere Msika wa Toyosu ku Tokyo

Munthu wozolowera kulawirira ku msika wa Wakawaka ku Lilongwe sangavutike kumvetsa Toyosu, msika wopikulitsa zakudya wa ku Tokyo, m'dziko la Japan, umene unatsegulidwa mu 2018 kulowa m'malo mwa msika wakale wa Tsukiji. Kwerani sitima ya Yurikamome n'kutsikira pa siteshoni ya Shijo-mae, koma muyambe mwaona kalendala ya msikawo, chifukwa Lamlungu ndi Lachitatu lina sutsegulidwa.

Okushoni ya nsomba za tuna imachitika mbandakucha, ndipo alendo amaonerera ali kuseri kwa magalasi. Amene akufuna malo apafupi amalembetsa pa intaneti pasadakhale, ndipo amasankhidwa mwa mayere.

Koma kwa ine, nyumba ya zipatso ndi ndiwo zamasamba ndiyo yophunzitsa kwambiri, pakuti makatoni amalembedwa dera limene katundu wachokera, monga mmene ife timatchulira mpunga wa ku Karonga kapena mbatata ya kachewere ya ku Dedza. Yang'anani maapulo a ku Aomori, anyezi a ku Hokkaido, manachesi a ku Wakayama ndi wasabi (chomera chowawa ngati tsabola chokometsera chakudya) wa ku Shizuoka.

Pogula zoti mubwere nazo kumudzi, monga tiyi kapena mipeni, kwerani ku mashopu a Uogashi Yokocho, amene ali m'mwamba m'nyumba ina yopikulitsira nsomba pamsika pomwepo, mutanyamula ndalama za yen m'manja.