Mphamvu ya gofu ili m'chiuno, osati m'manja

Anzanga osewera gofu, ndinatha zaka zingapo ndikumenya mpira ndi mikono yokha, mpirawo n'kumangokhotera kumanja. Ndinkaloza chala ndodo, chonsecho vuto linali thupi langa.

Yesani izi. Tengani ndodo yachitsulo ya nambala 7 (7-iron), phatikizani mapazi, mumenye mipira khumi mosafulumira. Mukadzandira, dziwani kuti mikono ndiyo ikulamulira. Mukatero masiku angapo, thupi limazolowera kuzungulira pamalo amodzi.

Koma chimene chinandisintha kwambiri ndi thaulo. Lidutsitseni pachifuwa, mulipanikize m'khwapa monse muwiri, kenako muzikweza ndodo mpaka m'chiuno basi n'kumenya. Likagwa, ndiye kuti mikono yasiyana ndi chifuwa. Poyamba linkandigwa pafupifupi ulendo uliwonse, ndinkangokhalira kuwerama kulitola, koma patapita milungu iwiri mpira unayamba kuuluka mowongoka.

Pokweza ndodo m'mbuyo, mapewa azizungulira madigiri pafupifupi 90, chiuno pafupifupi 45. Pobwerera, chiuno ndicho chiziyamba, manja azitsatira pambuyo. Apa m'pamene ambirife timapupuluma. Ngati ndinu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, thupi lizitsamira phazi lamanzere ndodo isanakhudze mpira. Pomaliza, chidendene chakumanja chikhale m'mwamba, mimba itayang'ana kumene mpira ukupita. Imani choncho mpaka mpira utatera pansi; mukalephera, penapake mwathamanga.

Ndodo musamaifinye mpaka mitsempha kutuluka pamkono. Zala zikauma, mfundo za manja sizipindika bwino, ndipo mutu wa ndodo umataya liwiro. Mukatha, jambulani vidiyo pafoni mutaiika kumbuyo kwanu, muone nokha mmene chiuno chikuyendera.