Momwe mungayambitsire mgwirizano wa kafukufuku wa fizikisi ya nyukiliya ndi akunja, ndi komwe ndalama zake zimachokera

Kafukufuku wa phata la atomu, komanso wa mmene zinthu zimakhalira zikatentha kapena kupanikizika mopyola muyeso, amadalira makina amene padziko lonse alipo owerengeka. Ku CERN, labu yaikulu ya fizikisi pamalire a Switzerland ndi France, kuli LHC, ngalande yozungulira makilomita 27 pansi pa nthaka, komwe gulu la ALICE limawombanitsa mapata a atomu za mtovu kuti lipange quark-gluon plasma, mkhalidwe umene zinthu zinali nawo chilengedwe chitangoyamba kumene. Ku Darmstadt m'dziko la Germany kuli labu ya GSI, yomwe inakhazikitsidwa mu 1969, ndipo pambali pake akumanga labu yatsopano ya FAIR, yomwe makina ake aakulu, SIS100, ndi ozungulira mamita 1,100. Apafupi ndi ife ndi a iThemba LABS ku Faure, kunja kwa Cape Town. Kuno kwathu ku Malawi makina otere kulibe, choncho mphunzitsi wa fizikisi amene akufuna ntchito imeneyi ayenera kulumikizana ndi akunja. Nazi njira zake monga ndinazionera pothandiza kukonza nawo misonkhano ndi maulendo a mtundu umenewu.

1. Pezani funso limodzi ndi anthu ochepa

Za kutsegula ORCID, nambala yodziwira wofufuza, ndi kuwerenga mapepala atsopano a kafukufuku pa webusaiti ya arXiv, m'magawo a nyukiliya a nucl-th ndi nucl-ex, sindichedwapo. Chimene ambiri amaphonya ndi kukula kwa funso. Mukalembera pulofesa wa ku Darmstadt kuti mukufuna mgwirizano pa fizikisi ya nyukiliya, imelo yanu sayankha, chifukwa palibe choti ayankhe. Lembani kuti mwawerenga pepala lake lakuti, mwayesa kubwereza chithunzi chachitatu pa kompyuta yanu, ndipo pamalo akuti manambala anu akusiyana ndi ake. Yotereyo amayankha, nthawi zina tsiku lomwelo. Pa INSPIRE, webusaiti yosunga mndandanda wa mapepala a fizikisi, mutha kuona amene amalemba naye kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri wamng'ono pagululo, amene wangomaliza kumene PhD, ndiye amakhala ndi mpata wocheza nanu.

Yambirani pa ntchito ya masamu kapena yosanthula deta, chifukwa imangofuna laputopu, intaneti ndi magetsi. Ngati muli ndi ophunzira akhama, atumizeni ku African School of Fundamental Physics and Applications, yomwe inayamba mu 2010 ku Stellenbosch ndipo yachitikirapo ku Ghana, Senegal, Rwanda, Namibia ndi Morocco. Aphunzitsi ake ambiri amachokera m'malabu akuluakulu omwewa, ndipo ubale wambiri umayambira pa tebulo la nkhomaliro kumeneko.

2. Sankhani msinkhu umene mungaukwanitse

Khomo losavuta ndi msonkhano waung'ono wa akatswiri. Ku GSI kuli ExtreMe Matter Institute, mwachidule EMMI, yomwe inayamba mu 2008. Iwo amalandira mapempho a misonkhano ya masiku ochepa, mapulogalamu otalikirapo, komanso chimene amachitcha Rapid Reaction Task Force: gulu laling'ono la akatswiri loitanidwa mwachangu kuti likhalire funso limodzi lomwe langobuka kumene. Nyenyezi ziwiri za neutron, zomwe ndi nyenyezi zopanikizika kwambiri, zitaoneka zikuwombana pa 17 August 2017, funso la mmene zitsulo zolemera monga golide zimapangikira linasonkhanitsa anthu a nyukiliya ndi a zakuthambo m'misonkhano ya mtundu umenewu. Ku Trento, Italy, kuli likulu la kafukufuku wa nyukiliya lotchedwa ECT*, yomwe inayamba mu 1993 ndipo chaka chilichonse imaitana mapempho a misonkhano ya chaka chotsatira. Ku Seattle kuli Institute for Nuclear Theory, yomwe mapulogalamu ake amatenga masabata angapo.

Khomo lachiwiri ndi kupempha beam time, nthawi yogwiritsa ntchito makinawo. Mumalemba pempho, komiti ya akatswiri imaliunika, ndipo nthawiyo amaiwerenga m'mashifiti a maola 8. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zidzasindikizidwa poyera, makinawo simulipira. Ndege, malo ogona ndi zipangizo zanu ndiye zili kwa inu.

Lachitatu ndi kulowa gulu lalikulu ngati ALICE, ndipo apa walira mvula walira matope. Yunivesite yanu imasainira mgwirizano, gulu lonse limavota, kenako chaka chilichonse mumasonkha ndalama zoyendetsera makina, zomwe zimawerengedwa pa munthu aliyense wa PhD amene dzina lake lili pa mapepala a gululo, ndipo zimafika ma franc a ku Switzerland zikwi zingapo pa mutu umodzi. Ophunzira sawerengedwa pa msonkho umenewu. Palinso mashifiti a usiku oyang'anira makina, amene sathawika. South Africa imakwanitsa chifukwa boma lake lili ndi pulogalamu ya SA-CERN. Malangizo anga ndi akuti muyambe pansi pa gulu lomwe lili kale m'katimo, monga la ku Cape Town, kudzera mwa wophunzira mmodzi womuyang'anira limodzi. Zosainira dzina la yunivesite yanu zibwere pambuyo.

3. Kulemba pempho

Masamba ochepa akwana: funso, chifukwa chake lili lofunika chaka chino, okonza atatu kapena anayi ochokera m'mayiko osiyana, ndi mndandanda wa anthu amene avomera kale kubwera. Mawu akuti "avomera kale" ndi ofunika. Komiti imawadziwa anthuwa, ndipo ikakumana ndi mmodzi pa khofi n'kupeza kuti za msonkhano wanu sanazimvepo, pempho lathera pomwepo. Muikemonso amayi ndi achinyamata, amaziyang'ana.

4. Ndalama n'zamsonkhamsonkha

Palibe thumba limodzi limene lidzalipire zonse. Zimakhala ngati za ukwati wa kumudzi, wina mbuzi, wina nkhuni, wina galimoto. Malo ochitira msonkhano kawirikawiri amapereka holo, ogwira ntchito, ndi gawo la zogona ndi chakudya. Akatswiri a ku Europe ndi America amadzilipirira ndege kuchokera m'mapulojekiti awo, ndipo musachite manyazi kuwapempha kutero, kuti zochepa zomwe muli nazo zipite kwa ochokera ku Africa ndi ophunzira.

Kwa ife matumba odziwika ndi awa. ICTP, sukulu ya kafukufuku wa fizikisi ya ku Trieste, Italy, yomwe Abdus Salam anayambitsa mu 1964, ili ndi ndondomeko ya ma Associate, yolola wasayansi wa m'dziko losauka kupitako kangapo kwa zaka zingapo osasiya ntchito kwawo, komanso STEP ya ophunzira a PhD. Bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA, lomwe Malawi inalowa mu 2006, limathandiza maphunziro ndi kafukufuku wogwirizana, koma zambiri zimadutsa ku ofesi ya boma yolumikizana nalo, choncho dziwanani nawo msanga, ndipo dziwani kuti iwo amakonda za umoyo, ulimi ndi chitetezo ku cheza cha nyukiliya kuposa za nyenyezi za neutron. Ku Germany kuli DAAD, bungwe lothandiza ophunzira ndi ofufuza akunja, komanso Alexander von Humboldt Foundation yomwe ili ndi thandizo la Georg Forster la ochokera m'mayiko omwe akutukuka. Mapulojekiti a European Union nawo amalipirira alendo opita kumalabu, ngakhale pamakhala malire pa ochokera kunja kwa Europe.

Bajeti yonse lembani mu euro. Funsaninso ku ofesi ya zachuma ya yunivesite yanu kuti amadulapo zingati pa ndalama za pulojekiti zikalowa, n'kuziikiratu mu bajeti.

5. Funsani kuti ayambe kutulutsa ndalama ndani

Apa ndi pamene zinatiipira, ndiye ndichedwapo.

Pa msonkhano wina ku Europe tinali titapeza thandizo la maulendo a anzathu angapo a ku Africa kuno. Makalata anatuluka, onse anasangalala. Kalatayo inali ndi mawu amodzi achingelezi, reimbursement, kutanthauza kuti munthu agule yekha tikiti, alipire yekha hotelo, ndipo adzabwezeredwa msonkhano ukatha. Kwa mnzathu wa ku Munich imeneyi si nkhani, amangotulutsa khadi. Kwa wophunzira wa kuno tikiti yopita ku Europe ndi malipiro a miyezi yambiri, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Inali nthawi yomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja zikusowa m'mabanki. Mmodzi analephereratu kupita, nkhani yake yomwe anaikonzekera miyezi ingapo anaikamba pa Zoom intaneti ikuduladula. Wina anakongola ya katapila n'kugula tikiti.

Kubwezako kunali ulendo wina. Fomu ya kumeneko inali ndi bokosi la IBAN, nambala ya akaunti monga amailembera ku Europe, loti silingasiyidwe lopanda kanthu, pomwe mabanki a ku Malawi sagwiritsa ntchito IBAN, amagwiritsa SWIFT, chizindikiro cha banki, ndi nambala ya akaunti. Fomu inabwerera. Itapitanso, anafuna mapepala enieni okwerera ndege, koma mnzathuyo la ulendo wobwerera anali atataya pa bwalo la ndege. Ndalama zitatumizidwa patatha miyezi, mabanki apakati anadulapo zawo, zotsalazo zinasinthidwa kukhala makwacha pa mtengo wa kubanki, ndipo zinali zosakwana kubweza ngongole ija ndi chiwongoladzanja chake. Palibe amene anaba kapena kunama. Dongosolo lawo linangopangidwira anthu amene ali ndi ndalama kale m'thumba.

Tsono chitani izi musanatumize kalata yoitana ngakhale imodzi. Lemberani mlembi wa malo ochitira msonkhano, osati pulofesa, chifukwa mlembi ndiye amadziwa zotheka. Mufunseni ngati angagule matikiti a anthu akutiakuti kudzera kwa wogulitsa matikiti wawo. Malo ambiri amatha, koma sakuuzani pokhapokha mutafunsa. Pemphani kuti hotelo kapena nyumba ya alendo itumize bilu kwa iwo mwachindunji. Funsani ngati ndalama ya chakudya ingaperekedwe pamanja tsiku lofika, kapena apereke makuponi a kukantini. Zimenezi muzilembe m'pempho lenilenilo, mzere wakewake, kuti komiti ikavomereza ikhale yavomereza ndi zomwezi.

Zikakanika ndipo kubweza n'kosapeweka, tumiziranitu SWIFT, dzina la banki ndi adiresi yake, ndipo pemphani kuti potumiza asankhe OUR, kutanthauza kuti wotumiza ndiye alipira zodula zonse. Akasankha SHA kapena BEN, zodula za mabanki apakati zigwera wolandira. Ngati yunivesite ili ndi akaunti ya ndalama zakunja, kambiranani nawo kuti zilowe mmenemo. Uzani aliyense asunge pepala lililonse, ngakhale tikiti ya basi, ndipo alijambule pa foni nthawi yomweyo. Malamulo a maulendo a boma la Germany amapereka miyezi 6 yokha yopemphera kubwezeredwa, ikadutsa palibe angakuthandizeni. Mwayi ukakhalapo, fomu idzazidwe munthu asanachoke pamalopo, mlembi ali pomwepo akuona.

6. Viza, ndi akathyali ake

Viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Europe, mutha kupempha kutatsala miyezi 6, ndipo musadikire. Yankho limayenera kutuluka m'masiku 15 koma limatha kufika 45. Mtengo wake ndi ma euro 90 kuyambira June 2024, koma ofufuza opita kukachita kafukufuku kapena ku msonkhano wa sayansi malamulo amawachotsera ndalama imeneyi, bola kalata yoitana inene zimenezo momveka. Pafunikanso inshuwalansi ya zaumoyo yotha kulipira ma euro osachepera 30,000. M'kalatamo alembe kuti ndi kafukufuku wa sayansi wosindikizidwa poyera, chifukwa mawu akuti nyukiliya paokha amadzutsa mafunso ambiri.

Mayina a olankhula akangoikidwa pa Indico, webusaiti yolengezera misonkhano ya sayansi, maimelo ndi mafoni amayamba kubwera kuchokera kwa anthu odzitcha kuti ndi ofesi yokonza malo ogona a msonkhanowo, akufuna nambala ya khadi lero lomwe chifukwa zipinda zikutha. Ndi akuba, chenjezani anthu anu m'kalata yoyamba. Chimodzimodzi madobadoba ogulitsa bukingi ya ndege yongoonetsa ku ofesi ya viza, ina imakhala yabodza ndipo ikagwidwa dzina lanu ndi lomwe lada. Palinso misonkhano ya chinyengo yomwe imakuitanani ngati mlendo wolemekezeka n'kukulipiritsa madola mazanamazana. Msonkhano umene mutu wake waphatikiza nyukiliya, unamwino ndi zamalonda, usiyeni.

Ngati ndi ku Darmstadt, basi yochokera pa bwalo la ndege la Frankfurt imatenga pafupifupi theka la ola, takisi musayerekeze. Onaninso kalendala ya ziwonetsero zamalonda za ku Frankfurt, monga cha mabuku mu October, chifukwa mitengo ya mahotelo a dera lonselo imakwera.

7. Zotsala

Wopita kukagwira ntchito pafupi ndi makina ayenera kuchita maphunziro a chitetezo ndi kulandira kachipangizo koyeza cheza, ndipo malo ena amafuna kalata ya dokotala kapena ya yunivesite, funsiranitu. Mgwirizano wolembedwa pakati pa mayunivesite umachedwa kwa maloya a mbali zonse, uyambeni msanga ndipo ntchito isaudikire. Za amene dzina lake likhale pa pepala, ndi motsatana bwanji, gwirizanani pa imelo ntchito isanayambe. Onetsani mndandanda wa oitanidwa kwa eni malo, popeza kuyambira 2022 GSI ndi FAIR anaimitsa mgwirizano ndi mabungwe a boma la Russia, ndipo CERN inathetsa wake kumapeto kwa November 2024.

Msonkhano ukatha lembani lipoti sabata yomweyo, tsamba limodzi kapena awiri. Pa pepala lililonse lotuluka m'ntchitoyi muthokoze amene anapereka ndalama, ndi nambala ya thandizolo monga anailembera iwo, chifukwa ndi imene amaifufuza mukadzapemphanso.