Musathamangire guluu pomanga njanji za sitima yachidole

Ambiri akangoyala njanji pa thabwa, mtima umakhala kale pa mapiri, mitengo ndi tinyumba. Dikirani kaye. Njanjizo zigwireni ndi timisomali tokha, kenako muyendetse sitima kwa masiku angapo, chamtsogolo ndi cham'mbuyo, ikukoka mabogi onse. Mukaona kuti bogi ikugwa pamalo amodzimodzi, vuto si bogiyo ayi. Yendetsani chala pomwe zidutswa ziwiri za njanji zakumana, mumva kuti mbali imodzi yakwera pang'ono, kapena kachitsulo kolumikizira kalowa pansi m'malo mogwira njanjiyo. Kukonza zimenezi timiyala ta m'mbali mwa njanji titamatidwa kale ndi guluu n'chintchito chowawa.

Pa sikelo ya HO, ya 1:87 (pomwe sentimita imodzi ya chidole imaimira masentimita 87 a sitima yeniyeni), pokhota pasathine: kuchokera pakati pa bwalo kufika pa njanji pasachepere masentimita 46, ndipo mabogi ataliatali amafuna oposa apo. Chitunda chisakwere kuposa masentimita 2 pa mita iliyonse, kupitirira apo mawilo a injini angayambe kuterereka.

Tizitsulo tolumikizira tija musatidalire pa magetsi oyendetsa sitima, omwe amadutsa m'njanji, chifukwa timakhwepa. Wotchererani mawaya ku njanji pafupifupi mita iliyonse, muwadutsitse kunsi kwa thabwa.