Momwe mungajambulire pulogalamu ya ndakatulo kunyumba kwanu

Alakatuli ambiri kuno ku Dedza akaganiza zoyamba pulogalamu yawo ya mawu yoti anthu azimvera pafoni, amathamangira ku Lilongwe kukafunsa mtengo wa maikolofoni. Ine ndimati yambani ndi chipinda. Maikolofoni yodula ikakhala m'chipinda chaphokoso, imangolijambula bwino phokosolo.

Lowani m'chipinda chomwe mwasankha, tsekani chitseko, muombe m'manja kamodzi. Kulirako kukabwerera ngati muli m'tchalitchi anthu atatuluka, ndiye kuti makoma ndi simenti zikubweza mawu. Mankhwala ake muli nawo kale, poti chisanu cha Juni ndi Julaye chinatiphunzitsa kusunga mabulangete. Kolekani lokhuthala kumbuyo kwanu, lina kutsogolo, yalani mphasa pansi, matiresi muwayimike pakona. Kuchipinda chogona komwe kwapachikidwa zovala kumaposa pabalaza. Mathireyi a mazira omwe ena amamata pakhoma musatope nawo, ndi opyapyala, ndipo njinga zamoto za kabaza pa M1 zidzamvekabe. Ombaninso m'manja, muone ngati kulira kwafa.

Nthawi nayo isankheni. Mvula ikamagwa pamalata, ingosiyani. Usiku chigayo chitatseka, atambala asanayambe, ndi pabwino.

Tsopano maikolofoni. Zodziwika kwambiri ndi za mitundu iwiri, dynamic ndi condenser. Ya condenser imatola chilichonse, mpaka nkhuku za aneba, ndipo ya chingwe cha XLR imafuna magetsi a 48V ochokera ku kabokosi kotchedwa interface, monga ka Behringer kapena Focusrite. Ya dynamic imamva kwambiri zapafupi, ndiye kunyumba zathu zino ndiyo yoyenera. Ya dynamic yotchedwa Samson Q2U ili ndi USB komanso XLR, mumangoilumikiza ku laputopu basi. Ngati m'thumba mwauma, gulani kamaikolofoni kopana pakolala, mujambulire pafoni, koma muiike pa airplane mode kuti wina asakuimbireni muli pakati pa ndime.

Musaigwire m'manja. Iimikeni patebulo lomwe mwayalapo chitenje chopinda, italikirane ndi pakamwa ngati chikhatho chimodzi, masentimita 10 mpaka 15, ndipo ipendekere pambali pang'ono. Chichewa chathu chili ndi mawu ambiri otulutsa mpweya. Tayesani kunena kuti "phiri, phala, mphepo, phwetekere wa pa Lizulu" mutayika dzanja pakamwa. Kamphepo komwe mukukamvako ndi komwe kamaphulika m'makutu mwa omvera. Pindani waya mozungulira, muuveke sitoking'i yopyapyala, muuike pakati pa inu ndi maikolofoni. Zatha.

Pa laputopu ikani Audacity yojambulira ndi kukonzera mawu, ndi yaulere. Sankhani maikolofoni yanu, osati ya m'kati mwa laputopu, muike pa mono ndi 44100 Hz. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amayesera ndi "moni, moni" wapansipansi, kenako ndakatulo ikatentha n'kuyamba kukuwa. Yeserani ndi mzere womwe mumakweza mawu kwambiri, mutsitse gain (mphamvu yomwe mawu akulowera) mpaka mlingo uzifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Ukagunda 0, mawu ang'ambika ndipo sasokeka.

Valani mahedifoni a chingwe. Mukamva kalikonse kakung'ung'udza, zulani tchaja, laputopu iyendere batire. Koma batireyo ikhale yamoyo. Yanga inali itafa kalekale, ndipo tsiku lina magetsi anazima ndikumaliza kucheza ndi mlakatuli yemwe anachokera ku Bembeke pa njinga. Anangondiyang'ana, n'kuyamba kupinda mapepala ake.

Musanalankhule, jambulani masekondi 10 muli chete. Kachidutswa kameneka ndi komwe mudzaonetse Noise Reduction, yochotsera phokoso mu Audacity, kuti idziwe phokoso la chipindacho, koma musaikweze kwambiri, mungamveke ngati mukulankhulira mumtsuko. Mukaphonya mawu, musaimitse. Ombani m'manja, pumani, mubwereze mzerewo. Pokonza mudzaona kamzere kakatali pamalopo, n'kudula mosavuta. Mapepala muwayale onse patebulo kuti asamachite phokoso powatembenuza.

Mukamaliza sungani fayilo ya WAV, yomwe imasunga mawu osawachepetsa, kenako mutulutse ya MP3 yogawira anthu. Pa 128 kbps, mphindi imodzi imadya pafupifupi 1 MB, ndipo pa 64 kbps ndi theka lake, mawu a munthu n'kumamvekabe bwino. Omvera anu ambiri amawerengetsera bandulo, ndiye pulogalamu ya mphindi 15 muitulutse pa 64. Musanaitumize pa WhatsApp kapena Facebook, imvereni kaye pa kasipika ka foni, chifukwa ambiri adzamvera pamenepo.