Kukonza ulendo wa ku Mangochi nyengo ya masika

Anthu ambiri amadikira Disembala kuti apite kunyanja, koma ine ndimati pitani mu Epulo kapena Meyi mvula itangosiya, mapiri adakali obiriwira, dzuwa silikuotcha ngati la Okutobala ndipo m'misewu mwadzaza maungu, nzimbe ndi mtedza wauwisi. Mukachedwa mpaka Juni kapena Julayi mwera umakhala walimba, nyanja imawinduka ndiye ulendo wapaboti sukoma.

Chachikulu, musathamangire ku Cape Maclear tsiku lomwelo, gonani kaye paboma. Tauniyi kale inkatchedwa Fort Johnston ndipo mbiri ili poyera. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali chipilala cha wotchi chomwe anamanga mu 1903 pokumbukira Queen Victoria, pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, ija inakawononga sitima ya Ajeremani mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946, ndiye imani muwerenge ndithu, makamaka ngati muli ndi ana, zimandiwawa kuona anthu akungodutsa pa kabaza osacheuka n'komwe. Museum ili chapafupi, mungoyenda wapansi.

M'mawa mwake kwerani minibasi ya ku Monkey Bay, kenako matola kapena njinga yamoto kulowera ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear. Muuzeni woyendetsa aime pa Mwala wa Mphini, mwala waukulu wokhala ndi mizere ngati mphini zotema pankhope. Kutsogoloko kuli manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881. Mwalawu ndi mandawa zili mu Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, choncho sungani padera ndalama yolowera.

Boti lopita ku chilumba cha Thumbi gwirizanani mtengo musanakwere, funsaninso ngati nsomba yootcha ili momwemo, ndipo ngati mulibe ma life jacket musakwere olo akunyengerereni bwanji. Pitani m'mawa madzi adakali bata, mukavala galasi loonera pansi pa madzi n'kuviika nkhope mumaona nsomba za mbuna zabuluu ndi zachikasu zikukuzungulirani pamiyala, ena amaponya kansomba m'madzi nkhwazi n'kutsika kudzatola inu mukuona.

Mu Shire ndi ku Malombe musasambe, kuli ng'ona ndi mvuu. Malo a bango kunyanja apeweni chifukwa cha likodzo, mukabwerako pakadutsa masabata angapo kayezetseni kuchipatala. Neti ya udzudzu tengani yanu, ndalama zina zikhale m'thumba osangodalira Mpamba kapena Airtel Money poti netiweki imathawa, ndipo amayi chitenje chisasowe mukamadutsa m'midzi, zovala zosambira zithere kugombe konko.