Kuyendetsa injini ya gasi ndi sola pa yunivesite magetsi akathima

Achimwene amene mwangoyamba ntchito yoyang'anira magetsi pa yunivesite kuno ku Joni, dziwani kuti magetsi a City Power, kampani yogawa magetsi mumzinda muno, akathima, mapanelo a sola paokha sayatsa ngakhale babu limodzi, dzuwa liswe mtengo chotani. Ma inverter ambiri, makina osintha magetsi a mapanelo kuti afanane ndi a pamzere, amangotsatira 50 Hz (kugunda kwa magetsi ka 50 pa sekondi) ya pamzere wa City Power, ndipo ikasowa nawonso amazima. Zikatero, wotsogolera wopereka 50 Hz imeneyi amakhala injini ya gasi.

Choyamba dulani mzere wa City Power, kuopa kuti magetsi anu angabwerere kunja n'kukagwira munthu amene akukonza waya. Lizani injini, muisiye ikhazikike. Kenako muziisenzetsa katundu pang'onopang'ono. Ine ndimayamba ndi malabu okhala ndi mafiriji, kenako chipinda cha makompyuta ndi laibulale, nyumba zogona ophunzira pomaliza, ngakhale foni imakhala ikulira kale ndi madandaulo awo. Injini ya gasi si ya dizilo ayi. Mukaiunjikira zonse nthawi imodzi imatsamwa n'kuzima. Komanso Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye musayembekezere mphamvu zonse zolembedwa pachitsulo chake.

Sola ilowe zonsezi zitatha, ndipo apa ndi pofunika maso. Masana mapanelo akamapereka zambiri, injini imatsala ndi katundu wochepa, zomwe zimaiwononga. Chepetsani sola, olo mtima ukuwawa kuti magetsi aulere akutayika. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi muzisuzumira kumwamba ikamakwana 2 koloko. Mtambo wa mvula yamabingu ukaphimba denga, sola imagwa mwadzidzidzi ndipo katundu yense amagwera injini, choncho izikhala ndi mpata wonyamula zimenezo.

Gasi wake sabwera m'masilinda. Amachokera ku Pande ndi Temane ku Mozambique, kudzera m'paipi ya makilomita 865 yofika ku tauni ya Secunda kuno ku South Africa, ndipo mumzinda muno amagawidwa ndi kampani ya Egoli Gas. Muziwerenga geji ya presha polandira shifiti. Gasi ameneyu akatayika amakwera m'mwamba, pomwe wophikira wa m'silinda uja amatsikira pansi, n'chifukwa chake zipangizo zomununkhiza zili kudenga. Mukamva fungo lake musakhudze switchi iliyonse, tsekani valavu yaikulu mutuluke.

Mphamvu zambiri za gasi amene injini imawotcha zimathera m'kutentha, ndiye muzionanso mapampu opititsa kutenthako kumadzi osamba. Ku Wits Junction, nyumba zogona ophunzira a yunivesite ya Wits, amatenthetsa madzi a ophunzira mwanjira yotereyi, pophatikiza gasi ndi dzuwa.

Mapanelo muzitsuka m'mamawa galasi lisanatenthe, makamaka mu Juni ndi Julayi fumbi likachuluka. Matalala akagwa kwerani mukaone osweka, koma mawaya ake musawagwire chimanjamanja, chifukwa kukangowala amakhala ndi moto ngakhale inverter mwaizimitsa.